Kodi Nshawa Izi Zidzamera?

Mwezi wa Okutobala ukafika, ku Chadiza kumatentha kwambiri. Udzu umauma. Fumbi limauluka m'miseu. Alimi amayang'ana kumwamba, kudikira mitambo. Mvula yobzalira nthawi zambiri imabwera mu Novembala kapena kuciyambi kwa Disembala.

Pa nthawi iyi, pa makomo ambiri pamakhala funso limodzi lalikulu: kodi mbeu imene inasungidwa idzamera?

Funso ili si lamasewera. Mlimi akabzala nshawa zakufa, sadziwa tsiku lomwelo. Amadikira sabata imodzi, mwina ziwiri. Kenako amaona kuti m'mizere muli mipata yambiri. Akafuna kubzalanso, mvula yoyamba yapita kale. Mwina mbeu ina alibe. Nshawa zobzala mocedwa sizibereka bwino. Ndiye kuti caka cimeneco nsinjiro zotendera ndiwo zidzacepa. Ndalama za sopo, nsapato ndi mabuku nazonso zidzacepa.

Ndani akunena zoona?

Nshawa amazikumba mu Epulo ndi mu Meyi. Zikauma, anthu ena amazisunga m'makoko ake. Ena amaswa zambiri nthawi imodzi, n'kuziika m'thumba.

Munthu wina amati, "Nshawa ni nshawa cabe. Zoswa kale ndi za m'makoko zimamera cimodzimodzi."

Wina amati, "Iyai! Zoswa kale sizimera bwino."

Onse awiri alankhula mwamphamvu. Nanga wonena zoona ndani? Kodi ndi amene wakuwa kwambiri? Kodi ndi amene ali wamtali?

Ku mudzi, nkhani yotere siweruzidwa ndi kukuwa. Munthu akapita kwa anyakwawa n'kunena kuti, "Mbuzi za uje zadya cimanga canga," anyakwawa sangovomera. Amafunsa kuti, "Ndani anaziona? Mapazi ake alipo? Cimanga codyedwaco cili kuti?" Iwo amafuna umboni.

Anthu a sayansi nawonso amafuna umboni. Akafuna kuti ena awakhulupirire, amabweretsa zinthu zitatu. Coyamba ndi mfundo, ndiye kuti cimene akunena kuti ndi coona. Caciwiri ndi umboni, ndiye kuti zimene anaona, anawerenga kapena anapima. Cacitatu ndi cifukwa, ndiye kuti mau osonyeza mmene umboniwo ukugwirizanira ndi mfundo ija.

Zinthu zitatuzi zili ngati mafuwa. Mphika umakhala bwino pa mafuwa atatu. Fuwa limodzi likacoka, mphika umapendekeka ndipo ndiwo zimatayika.

Ana a Giredi 3 angathe kucita zimenezi. Safunika makina odula. Nkhani ya kalasi imene ikutsatirayi ndi citsanzo. Manambala ake ndi ongoyerekezera. Kalasi lina likayesa, lidzapeza manambala akeake.

Kukonzekera kuyesa

Mtsikana wina anabweretsa nshawa kucokera kwa agogo ake. Zinali m'timapepala tiwiri. M'pepala loyamba munali nshawa zimene zinaswedwa mu Juni. Zinakhala m'thumba, m'khichini, miyezi inai. M'pepala laciwiri munali nshawa zimene zinali m'makoko mpaka dzulo lake.

Aphunzitsi anafunsa kuti, "Kodi nshawa zonsezi zinacokera m'munda umodzi?"

"Inde, Aphunzitsi," anayankha mtsikanayo. "Munda umodzi, mtundu umodzi. Tinakumba sabata imodzi."

Funso la aphunzitsi linali lofunika kwambiri. Nshawa zikanacokera m'minda iwiri, munthu akanati, "Mwina munda winawo unali ndi matenda." Zikanakhala mitundu iwiri, akanati, "Mwina mtundu winawo ndi waulesi kumera." Poyesa, cinthu cimodzi cokha ndico ciyenera kusiyana. Zina zonse zifanane. Apa cosiyana cinali nthawi imene nshawazo zinaswedwa.

Anawo anagawidwa m'magulu anai. Gulu lililonse linalandira zigubu ziwiri zodula pakati. Pa cigubu cimodzi analemba kuti ZAKALE. Pa cinzake analemba kuti ZA M'MAKOKO. Anaboola pansi pa zigubu kuti madzi azituluka. Anathiramo mcenga wocokera pa malo amodzi.

Itafika nthawi yosankha mbeu, mnyamata wina anayamba kutola zazikuluzikulu zokha m'pepala laciwiri.

"Ukucita ciani?" anafunsa mnzake.

"Ndifuna kuti za m'makoko zipambane."

Kumeneko ndi kubera. Kuli ngati mpira umene timu imodzi ili ndi osewera 11, inayo ili ndi 6. Timu yoyamba ikapambana, palibe amene waphunzira kanthu. Conco anawo anagwirizana kuti wotola mbeu azitseka maso. Yagwidwa ndi zala, yomweyo yalowa.

M'cigubu ciliconse anabzalamo nshawa 10. Anazibzala mozama mofanana, cala cimodzi kulowa mpaka pakati. Zigubu zonse anaziika pa windo limodzi. M'mawa uliwonse ankathira kapu imodzi ya madzi m'cigubu ciliconse. Pa Ciweru ndi pa Sondo, ana okhala pafupi ndi sukulu ndiwo ankabwera kudzathirira. Usiku ankavundikira zigubu ndi dengu, pakuti khoswe akamva fungo la nshawa sapempha cilolezo.

N'cifukwa ciani anabzala 10, osati imodzi? Mbeu imodzi ingafe pa zifukwa zake. Mwina inali ndi kacirombo mkati. Mwina inaphwanyika. Ikalephera kumera, siinena kanthu za zinzake za m'thumba. Mbeu zikakhala zambiri, yankho lake limakhala lodalirika.

Asanathire madzi tsiku loyamba, mwana aliyense analemba m'buku lake cimene anali kuganiza kuti cidzacitika. Ena analemba kuti zonse zidzamera. Ena analemba kuti zakale sizidzamera ngakhale imodzi. Kuganiza kotere n'kwabwino, koma sikunakhale umboni.

Kuwerenga ndi kulemba

Tsiku loyamba panalibe kanthu. Laciwiri, mcenga wokha. Lacitatu, mwana wina anafuna kufukula kuti aone. Aphunzitsi anamuletsa. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero.

Pa tsiku la 6, mcenga unayamba kung'ambika. Timitu tobiriwira tinasuzumira. Kuyambira pamenepo, gulu lililonse linkawerenga zomera m'mawa uliwonse, n'kulemba nambala ndi tsiku lake. Ankalemba nthawi yomweyo. Mutu umaiwala, ndiponso umakonda kukumbukira zimene mwini wake akufuna. Buku silitero.

Pa tsiku la 10, magulu onse analemba manambala ao pa bolodi.

Gulu 1: zakale 5, za m'makoko 9
Gulu 2: zakale 6, za m'makoko 8
Gulu 3: zakale 4, za m'makoko 9
Gulu 4: zakale 5, za m'makoko 3

Kalasi lonse linayamba phokoso. Magulu atatu anapeza zofanana. Koma Gulu 4 linapeza zosiyana. Kwa iwo, zakale ndizo zinamera zambiri.

Nambala yovuta ya Gulu 4

"Gulu 4 lalakwa! Fufutani 3 uyo, mulembe 9," anatero mnyamata wina.

Ana a Gulu 4 anacita manyazi. Mmodzi anatenga coko kuti asinthe. Aphunzitsi anati, "Taima. Kodi munawerenga zingati?"

"Zitatu, Aphunzitsi."

"Ndiye 3 akhale pomwepo."

Nambala yosakondweretsa siifufutidwa. Munthu akasintha nambala kuti igwirizane ndi zimene akufuna, wanama. Ndipo bodza la pa mbeu limakaonekera kumunda. Cimene amacita anthu a sayansi ndi kufunsa kuti, "Apa pacitika ciani?"

Anawo anapita kukayang'ana cigubu ca Gulu 4. Mtsikana wina anacinyamula. Cinali colemera kuposa zinzake. Mcenga wake unali cinyontho cokhacokha, ndipo unali kununkha. Atayang'ana pansi pake, anapeza kuti panalibe mabowo. Gululo linaiwala kuboola cigubu cimodzi. Madzi a masiku 10 anangodikha mkati. Atafukula, anapeza nshawa 7 zitawola.

Mbeu imafuna madzi kuti imere, koma imafunanso mpweya. M'madzi odikha mpweya umacepa, ndipo mbeu imawola. Alimi amadziwa zimenezi. Ndiye cifukwa cake sabzala nshawa pa malo odikha madzi.

Manje nkhani inamveka. M'zigubu za Gulu 4 munali zinthu ziwiri zosiyana, osati cimodzi: nthawi yoswera nshawa, ndiponso mabowo. Conco manambala ao sakanatha kuyankha funso la kalasi. Anawo sanawafufute. Analemba pambali pake kuti, "Cigubu ici cinalibe mabowo." Kenako Gulu 4 linabzalanso, zigubu zonse ziwiri zili zoboola. Patapita masiku 10 linapeza zakale 5, za m'makoko 8.

Gulu 4 linataya masiku 10, koma linapatsa kalasi cinthu cimene magulu ena sanapeze. Linaonetsa cimene madzi ocuruka amacita ku mbeu.

Kumanga mfundo

Ana anaphatikiza manambala a magulu onse anai, pogwiritsa nchito aciwiri a Gulu 4.

Zakale: 5 + 6 + 4 + 5 = 20
Za m'makoko: 9 + 8 + 9 + 8 = 34

Mbali iliyonse anabzala mbeu 40. Ndiye kuti pa zakale, theka lokha ndilo linamera. Pa za m'makoko, 6 zokha ndizo zinalephera.

Aphunzitsi anauza gulu lililonse kuti lilembe yankho la funso lija. Gulu lina linalemba kuti:

"Za m'makoko ndizo zabwino cifukwa atate anatero."

Mwina atatewo akunena zoona. Akuluakulu amadziwa zambiri za kumunda, pakuti aona mvula za zaka zambiri. Koma mwana wina angayankhe kuti, "Atate anga anatero zina." Pamenepo mkangano ubwerera pomwe unayambira. Yankho ili lili ndi mfundo, koma umboni wa pa bolodi ausiya kunja.

Gulu lina linalemba kuti:

"Zakale 20. Za m'makoko 34."

Awa alemba umboni wokha. Sananene cimene manambalawo akutanthauza. Zili ngati kupatsa mlendo ufa ndi madzi n'kumuuza kuti, "Nayi nsima."

Gulu lacitatu linalemba motere:

"Nshawa za agogo zimene zinasungidwa m'makoko zimamera bwino kuposa zimene zinaswedwa mu Juni. Tinabzala 40 mbali iliyonse. Za m'makoko zinamera 34. Zakale zinamera 20. Nshawa zonse zinacokera m'munda umodzi. Mcenga, madzi ndi dzuwa zinali zofanana. Cosiyana cinali nthawi yoswera yokha. Conco kusiyana kwa kameredwe kwabwera cifukwa ca kuswa msanga."

Apa mafuwa onse atatu alipo. Ciganizo coyamba ndi mfundo. Manambala ndi umboni. Mau otsiriza ndi cifukwa. Munthu amene sanalipo angawerenge yankho ili n'kulimvetsa. Ngati akukayika, angatenge zigubu zake n'kuyesa yekha.

Ana ena anafunsa kuti, "Nanga makoko amathandiza bwanji?" Zigubu sizinayankhe funso ili. Yankho lake linacokera kwa akatswiri a zaulimi amene anaphunzira za mbeu kwa zaka zambiri. Nshawa youma imaoneka ngati yakufa, koma ili ndi moyo. Munthu akaiswa pakati, amaona kanthu kakang'ono kumapeto kwake. Kameneko ndiko kamadzakhala muzu ndi masamba. Khoko lili ngati nyumba yake. Limaiteteza ku tizirombo, ku cinyezi ndi ku kuphwanyika. Nshawa ikatuluka m'khoko, imatsala ndi kakhungu kopyapyala cabe. Kakhunguko kakang'ambika, nkhungu imalowa mosavuta. Ikakhala nthawi yaitali pa malo otentha, moyo wake umatha msanga. Ndiye cifukwa cake alangizi a zaulimi amati mbeu ya nshawa isungidwe m'makoko, ndipo iswedwe ndi manja nthawi yobzala ikayandikira.

Zimene manambala sananene

Mnyamata wina anakondwa kwambiri. Anaimirira n'kunena kuti, "Ndiye kuti mbeu zonse zoswa kale n'zoipa! Za m'sitolo nazonso! Cimanga cotonola naconso!"

Mtsikana wina anakweza dzanja. "Koma ife sitinabzale cimanga," anatero. "Za m'sitolo sitinaziyesenso. Tinayesa za agogo cabe."

Mtsikanayo ananena zoona. Onani mmene analankhulira. Sananene kuti, "Ndiwe mbuli." Anatsutsa mfundo, osati munthu. Mnyamatayo anaganiza pang'ono, kenako anati, "Ni zoona. Ndinathamanga." Kusintha maganizo umboni ukaoneka si kugonja.

Mbeu ya m'sitolo ili ndi nkhani yake. Ku Chilanga, pafupi ndi Lusaka, kuli bungwe la boma lochedwa SCCI. Nchito yake ndi kuyesa mbeu zisanagulitsidwe. Akatswiri a kumeneko amawerenga mbeu, amazinyowetsa, amadikira, n'kuwerenga zimene zamera. Ndi nchito yofanana ndi ya zigubu ija, koma amaicita ndi mbeu zambiri ndiponso mosamala kwambiri. Mbeu yotere nthawi zambiri imakhala yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira. Siidyedwa, ngakhale kuikazinga. Woigwira asambe m'manja ndi sopo.

Palinso cina cimene zigubu sizinanene. Sizinanene kuti mlimi adzakolola matumba angati. Kumera ndi ciyambi cabe. Pambuyo pake pali mvula, udzu, ciswe ndi matenda.

Kuthamangira kunena zoposa umboni si vuto la ana okha. Ngakhale anthu ophunzira kwambiri linawagwerapo. Zaka pafupifupi 400 zapitazo, pafupi ndi mzinda wa Brussels, m'dziko limene lero ndi Belgium, kunali munthu dzina lake Jan Baptist van Helmont. Iye anafuna kudziwa kuti mtengo umakula ndi ciani. Anthu ambiri ankaganiza kuti mtengo umadya dothi.

Van Helmont anaumitsa dothi n'kulipima pa sikelo. Linalemera makilogalamu pafupifupi 90. Kumeneko ndi kucepera pang'ono pa matumba awiri a cimanga. Analiika mumphika waukulu. Anabzalamo kamtengo kochedwa willow, kolemera makilogalamu 2 ndi pang'ono. Anavundikira mphikawo kuti fumbi lisalowe. Kwa zaka 5 ankangothirira madzi.

Zaka 5 zitatha, anazula mtengowo n'kuupima. Unalemera makilogalamu pafupifupi 77. Anaumitsanso dothi lija n'kulipima. Linacepa pang'ono cabe, ngati kulemera kwa dzira limodzi la nkhuku. Nkhani iyi inasindikizidwa m'buku mu 1648, iye atamwalira kale.

Manambala ake anaonetsa cinthu cimodzi momveka bwino. Mtengo sunalemere cifukwa ca kudya dothi, pakuti dothi linalipobe. Koma Van Helmont anapitirira. Anati thupi lonse la mtengowo linacokera ku madzi okha. Apa ndi pamene anaphonya. Panali cinthu cina cimene sanapime: mpweya. Patapita zaka zoposa 100, anthu ena a sayansi anapeza kuti masamba amatenga mpweya, ndipo mothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa amausakaniza ndi madzi n'kupanga cakudya ca mtengo. Sikelo yake inali yolondola. Mau ake ndiwo anapitirira sikelo.

Kukauza agogo

Nchito ya kalasi ija siinathere pa bolodi. Nshawazo zinali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo anali kufuna kubzala za m'thumba zija mvula ikagwa.

Mwana sangafike pa khomo n'kunena kuti, "Agogo, mukulakwa." Si ulemu, ndiponso agogo sangamve. Mtsikana uja anatenga zigubu ziwiri ndi buku lake. Anagwada, n'kuziika patsogolo pao.

"Agogo, taonani. Izi ndi za m'thumba la m'khichini. Izi ndi za m'nkhokwe. Tinabzala tsiku limodzi, 10 uku, 10 uku."

Agogo anawerenga okha ndi cala. "Zisanu. Zisanu ndi zinai. Ha! Madzi munathira mofanana, mdzukulu wanga?"

"Inde, agogo. Kapu imodziimodzi."

"Nanga za anzako?"

Mtsikanayo anatsegula buku n'kuwawerengera manambala a magulu onse, pamodzi ndi nkhani ya cigubu cosaboola. Agogo anafunsa mafunso omwe aja amene aphunzitsi anafunsa, ngakhale sanalowe m'kalasimo. Kenako anati, "Za m'thumba tisinja, titendere ciwawa. Za m'nkhokwe ndizo zipite kumunda."

Banja lililonse lingayese mbeu zake motere, kaya ndi nshawa, cimanga, nyemba kapena soya. Nthawi yabwino ndi masabata awiri kapena atatu mvula isanayambe. Zikamera zocepa, nthawi yofuna mbeu ina imakhala ikalipo.

Ku Msekera ndi m'minda ya ku Chadiza

Pafupi ndi mzinda wa Chipata pali malo a boma ofufuzira za ulimi. Dzina lake ndi Msekera. Alimi ambiri amadziwa nshawa zochedwa MGV4 ndi MGV5. M wa kuciyambi kwa maina awa akuimira Msekera. Mtundu watsopano usanapatsidwe kwa alimi, akatswiri amaubzala pambali pa mitundu yakale monga Chalimbana. Amapima zokolola, amalemba, n'kubwerezanso zaka zingapo pa malo osiyanasiyana.

Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ku Msekera kunayambika kuyesa kwina. Alimi ambiri analibe ndalama zogulira feteleza, ndipo nthaka inali yotopa. Katswiri wina, Freddie Kwesiga, ndi anzake anali ndi mfundo yakuti kamtengo ka jelejele kangabwezeretse conde m'nthaka. Sanangonena pakamwa. Anagawa munda m'zigawo. M'zigawo zina anabzala jelejele n'kumusiya caka cimodzi, zaka ziwiri kapena zitatu. Kenako anadula mitengoyo n'kubzala cimanga. M'zigawo zina ankabzala cimanga caka ndi caka popanda feteleza. Zigawo zimenezi zinali zofunika kwambiri, pakuti popanda izo akanasowa poyerekezera. Pokolola, anapima cimanga ca cigawo ciliconse. Pamene panali jelejele panatuluka cimanga cambiri kuposa pamene panalibe.

Cifukwa cake cili ku mizu ndi ku masamba. Jelejele ndi wa banja limodzi ndi nshawa ndi nyemba. Ku mizu yake kumakhala timatuza tating'ono. M'timatuzato mumakhala tizamoyo tosaoneka ndi maso, timene timatenga cakudya ca mbeu mumpweya. Masamba akayoyoka n'kuwola, cakudyaco cimalowa m'nthaka. Munthu akazula nshawa yobiriwira n'kuyang'ana mizu yake, adzaona timatuza tomweto.

Koma Msekera ndi malo amodzi, otetezedwa bwino, ndipo ali ndi anchito oyang'anira. Umboni wa kumeneko sukanatha kunena zonse za minda ya m'midzi. Conco m'zaka za m'ma 1990, alimi a m'maboma a Chipata, Katete, Petauke ndi Chadiza anayesa mitengoyi m'minda yao. Ambiri anaona cimanga cikucita bwino. Anaonanso zinthu zina zimene zinali zovuta. Tizirombo tina tinkadya masamba a jelejele. M'cilimwe, ng'ombe ndi mbuzi zikatayiridwa, zinkalowa m'minda n'kudya timitengo. Moto wa osaka mbewa unkatentha mitengo imene mlimi anaisamala caka conse.

Alimi anauza akatswiri zimene anaona, ndipo akatswiri anazilemba. Nkhani ya ziweto ndi moto inafika kwa mafumu aakulu a Acewa ndi Angoni. Mafumuwo anaika malamulo akuti ziweto ziziwetedwa ngakhale m'cilimwe, ndiponso kuti anthu asamatenthe chire mwacisawawa.